Chitini cha anaPhiri ndi buku langa la ku positi

Chiperoni cha Juni chatitsekera m'nyumba masiku atatu tsopano, ndipo dzulo ndinapempha mdzukulu wanga kuti anditsitsire sutikesi imene imakhala pamwamba pa wadiropu. Ndinkafuna bulangete langa lakale, poti mawondo angawa anasiya kalekale kumvana ndi mphepo ya ku Limbe. Bulangetelo tinalipeza, likununkha nkhungu. Koma pansi pake panatuluka zinthu ziwiri zimene ndinali nditaziiwala: buku langa la ku positi, chikuto chake chitasuluka, ndi chitini cha mkaka waufa cha malemu mayi a ana anga, anaPhiri, amene anatisiya mu 2016.

Mtsikanayo anagwedeza chitinicho, ndipo chinalira ngati chisekese. Atatsegula ndi mpeni anakhuthulira pamphasa mabatani amitundumitundu, zipi ziwiri zomatula ku mathalauza otha ntchito, singano zobaya pakansalu, ndi tindalama tachitsulo toda ndi zaka.

"Agogo, ndalama izi n'za dziko liti?"

"N'za dziko lomwe lino, mwanawe."

Ndinamuonetsa 10 tambala ya ngala za chimanga, 20 tambala ya njovu ndi mwana wake, ndi 1 tambala yokhala ndi tambala weniweni wa nkhuku. Anaseka, nati ngakhale wogulitsa switi sangazilandire. Sananame. Koma ine ndinakhala chete kanthawi, chifukwa chitini chimene iye ankachisekacho n'chimene chinalera mayi ake.

Tinalowa m'nyumba ino ya ku Kanjedza mu 1973. Kwacha inali ndi zaka ziwiri zokha, poti inabwera mu Febuluwale 1971 kudzalowa m'malo mwa paundi, ndipo ndalama zakale zinali zisanachoke pakamwa pa anthu. Pamsika amayi ankanenabe sheleni akutanthauza 10 tambala, ndipo K2 tinkaitchula paundi kwa zaka zambiri. Nyumba zake zinali za Malawi Housing Corporation, zondandalikana m'mizere, zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, iliyonse ndi mpopi wake ndi kabwalo kuseri. Okhalamo tinali anthu a malipiro a pamwezi: akalaliki, aphunzitsi, anamwino, antchito a kunjanji, ena a ku ADMARC. Ine ndinali kalaliki pa kampani ina ya fodya ku Limbe. Kwathu ku Chiradzulu ankandiyesa bwana chifukwa ndinkavala tayi, osadziwa kuti malipiro anga sankafika ngakhale K100.

Miyezi yoyamba ndalama ndinkasunga ndine, monga mwamuna. Zotsatira zake n'zosachita kufunsa. Sabata yoyamba tinkadya nyama ndi buledi wopaka majarini, ine n'kumadutsirako kumene anzanga ankagwedeza mapaketi a Chibuku. Pofika pa 20 m'nyumba munkangoti zii, ndiwo ali nkhwani wopanda ndi tomato yemwe. Tsiku lina usiku, ana atagona, anaPhiri anandifunsa modekha.

"Bambo, kodi mwezi uli ndi masiku angati?"

"Makumi atatu. Mwafunsiranji?"

"Nanga ndalama zanuzi zili ndi masiku angati?"

Iwo sukulu analekezera Sitandade 5, ine ndinali ndi satifiketi ya JC, koma funso limenelo linandigonjetsa. Mwezi wotsatira ndinabweretsa envulopu ya malipiro yosatsegula n'kuiika m'manja mwawo. Anzanga atamva ankati ndadyetsedwa khuzumule. Ngati analidi khuzumule, ndikanakonda akanadyetsa Kanjedza yense.

Kugawa kwake kunali mwambo. Ankatseka chitseko, n'kuyala chitenje pabedi, n'kuyamba kuunjika timilu. Kamulu koyamba, asanaganize za lendi kapena mchere, kanali ka m'chitini. Nthawi zina inkangokhala 50 tambala, koma mwezi sunkadutsa chitini chisanalandire. Kenako lendi, madzi, chigayo, makala, palafini, chopereka cha kutchalitchi, ndi ya makolo kumudzi. Ndalama ya ndiwo ankaigawa panayi n'kumanga mfundo zinayi pakansalu, mfundo imodzi sabata imodzi. Mfundo ya sabata yamawa sinkamasulidwa lero, ngakhale wogulitsa chambo adutse pakhomo akuitanira mokoma bwanji. Ine ankandipatsa yanga ya m'thumba ndi ina yoti ndikaike ku positi, ndipo imeneyo ndiyo inali kunyada kwanga. Ndinkaima pamzere ku positi ofesi ya ku Limbe, kalaliki n'kulemba m'buku la Post Office Savings Bank, n'kumenya chidindo, phaa! Pobwerera ndinkayenda ngati mwini sitolo. Chitini ndinkachiona ngati masanje a amayi. Chuma chenicheni, mmene ndinkaganizira ine, chinali cha m'buku, chokhala ndi chidindo cha boma.

Nzeru zambiri za anaPhiri zinali pa zinthu zogwirika ndi manja. Tiyambe ndi sopo. Fakitale ya Lever Brothers inali ku Limbe komweku, ndipo sopo wochapira ankagulitsidwa wamtali ngati mkono. Iwo ankagula watsopano wakale asanathe. Akafika naye kunyumba ankatenga ulusi wolimba n'kuuzunguliza pasopopo, mbali imodzi ataluma ndi mano, inayo akukoka ndi dzanja, ndipo chidutswa chinkagwa chosalala ngati chodulidwa ndi makina. Zidutswazo ankazindandalika pamwamba pa kabati kwa mwezi wathunthu mpaka ziume gwaa. Ankati sopo wamuwisi amasungunuka ngati shuga, wouma amapirira. Tizidutswa totsala, tija timaterereka m'manja, ankatiponya m'sokosi yakale n'kumanga kukamwa, ndiye chotsukira mbale chimenecho. Mapoto okha sankalawa sopo. Awo anali a phulusa ndi mchenga, ndipo ankawala moti munthu ukanatha kudziyang'anirapo pometa ndevu.

Chinthu sichinkatuluka m'nyumba muno chisanagwire ntchito yachiwiri. Mabotolo a Sobo ndi a Fanta ankabwezedwa kugolosale. Nyuzipepala zimene ndinkatola ku ofesi zinkakutira makope a ana. Chitini chaching'ono chikatha chinkasanduka koloboyi, chachikulu chotungira madzi kapena chodzalamo tsabola.

Moto nawo unali ndi malamulo ake. Nyemba zinkagona m'madzi usiku kuti zisadye makala ambiri. Mbaula ikayaka, ntchito zinkachita kufola: ndiwo, nsima, madzi osamba a ana, ndipo makala omaliza ankalowa m'simbi kuti asite malaya anga a mawa. Akatsalabe ankawawaza madzi n'kuwayanika, mawa ayakenso. Loweruka ana ankapita kukatola tinthambi togwa tokha m'nkhalango ya Kanjedza, toyatsira. Pano ndinene zoona, poti ukalamba sulola kudzikometsera. Moto wotsika mtengo umene tinkakondwera nawo uja unali mitengo. Makala ankabwera kuchokera kutali, ku Mwanza ndi ku Neno, nkhuni zinkatsika m'mapiri apafupiwa, ndipo Ndirande, Soche ndi Mpingwe tinawapeza atavala, tikuwasiya ali mbulanda. Pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, matope n'kukwirira anthu ku Chilobwe, ndinakhala pakhonde pano ndikuganiza kuti pali ngongole ina imene ife a mumzinda uno sitinailembe m'kabuku kalikonse.

Chimanga sitinkagula cha lero ndi lero. Munda wathu wa ku Chiradzulu sitinautaye, ndipo tchuthi changa ndinkachitenga mvula yoyamba ikagwa, pamene anzanga ankasungira chawo Khirisimasi. Tikakolola, matumba ankakwera padenga pa basi ya UTM, matumba akale aja a makilogalamu 90 othyola msana, osati a 50 a masiku anowa. Chaka chimene munda sunachite bwino, anaPhiri ankathamangira ku ADMARC anthu akangokolola, osadikira Januwale pamene aliyense akulira. Pokonola palibe chimene chinkatayika: mphale inkapita ku ufa woyera, madeya kwa nkhuku. Ufa wa mgaiwa ine ndinkachita nawo manyazi, ndinkati n'chakudya cha kundende ndi cha kusukulu zogonera komweko. Iwo sanatsutsane nane. Ankangosakaniza mwakachetechete, mwezi uno pang'ono, wamawa kuonjezerako, mpaka tsiku lina ndinakadya kwa mnzanga n'kubwera ndikudandaula kuti nsima ya ufa woyera wokhawokha siikhalitsa m'mimba. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, ndipo m'pamene ndinadziwa kuti ndakhala ndikudya mgaiwa chaka chathunthu. Lero achipatala akutiuza ife a shuga ndi a BP kuti mgaiwa womwewo ndiwo wabwino.

Nsima yotsala sinkapita kwa galu. M'mawa mkute unkaotchedwa pambaula, ana n'kumwera tiyi, ndipo masamba a tiyiyo ankawira kawiri. Buledi anali wa Lamulungu. Masiku enawa kunali mbatata, chinangwa, kapena chigumu cha nthochi zakupsa kwambiri zimene pamsika ankagulitsa motaya.

Kuseri kwa nyumba, malo amene ena ankangosesa, iwo analimapo timabedi ta mpiru, tanaposi ndi anyezi. Ankathirira ndi madzi otsukira mbale ndi otsukuluzira zovala, chifukwa madzi a mumzinda uno amachokera kutali, ku Walker's Ferry pamtsinje wa Shire, amakwera mtunda wonsewu ndi mapampu, ndipo mita siigona. Bonongwe ndi chisoso zikamera zokha sankazizula. Nthawi ya dzinja masamba akachuluka ankafutsa khwanya ndi nkhwani, n'kusunga mfutso m'zikwatu kudikira Okutobala, pamene mulu wa masamba pamsika umachepa ngati wa mankhwala. Mtengo wa mapeyala umene ukuphimba denga lathuli unachokera ku njere ya peyala limodzi logula ku Bvumbwe. Ine ndinali nditaitaya kudzala, iwo anakaitola.

Kumsika wa Limbe ankapita wapansi, ndipo ankapita dzuwa litapendeka, nthawi imene amayi ochokera ku Bvumbwe ndi ku Chigumula ayamba kuganiza za basi yobwerera kwawo ndipo sakufuna kusenzanso tomato. Kunenerera kwawo kunalibe phokoso. Ankafunsa mtengo, n'kukhala chete akuyang'ana muluwo ngati akuumvera chisoni, wogulitsa yekha n'kuyamba kuonjezera. Anali ndi mayi wawo wa matemba a ku Chilwa ndi bambo wawo wa usipa wa ku Mangochi, ndipo sankawasinthasintha, chifukwa munthu amene umamugula mwezi ndi mwezi ndi amene amakuikira basela, ndipo tsiku limene mfundo yatha msanga amakuuza kuti tengani, mudzapereka. Nyama inali ya tsiku la malipiro, nthawi zambiri mafupa kapena mang'ina, amene msuzi wake unkafika masiku awiri. Ine kuntchito ndinkayenda wapansi, mbatata yophika ili m'thumba la jekete. Nsapato zanga za Bata zinasinthidwa soli katatu kwa mkulu wina wosoka nsapato pansi pa mtengo, mpaka iye mwini anandiuza kuti bwana, apa palibenso posokerera.

Ana ankadana nazo zimenezi, ndisabise. Koma Khirisimasi ya m'nyumba muno sinkachepa. Tambala wake ankasankhidwa mu Seputembala n'kumadyetsedwa mwapadera, mpunga unkagulidwa pang'onopang'ono ku PTC kapena ku Kandodo n'kubisidwa pansi pa bedi, ndipo tsikulo aliyense ankamwa Fanta wakewake, botolo lathunthu, popanda wogawana naye. Januwale akafika, anansi ena akuyendayenda ndi mbale yopempha ufa, kwathu mfundo zinayi zija zinali zilipo.

Nkhani imene tinakanganapo kwenikweni inali ya makina osokera. Amayi khumi a mzere wathu ndi wakuseri anali ndi chipereganyu: mwezi uliwonse aliyense ankaponya ndalama yofanana, mmodzi n'kutenga zonse. Panalibe buku, panalibe chidindo, koma m'zaka zonse zija sindinamvepo kuti wina wathawa nazo. Ukanathawira kuti, anzako akudziwa ndi ndiwo zomwe zimene wadya dzulo? Ena ikafika nthawi yawo ankagula mbale zagalasi zoika m'kabati, ena zitenje zatsopano za ku David Whitehead. Mu 1979 itafika nthawi ya anaPhiri, anaphatikiza ndi zonse za m'chitini, nandiuza kuti telala wina wa pakhonde la sitolo ya Mmwenye ku Limbe akubwerera kwawo ndipo akugulitsa makina ake a Singer, opalasa ndi mapazi. Ndalama zinkaperewera pang'ono.

"Bambo, mundibwerekeko za m'buku mwanu."

"Za m'buku sizikhudzidwa, anaPhiri. Zimenezo n'za m'tsogolo. Zikuswana."

"Zikuswana zingati pachaka?"

Ndinawauza.

"Nkhuku yanga yathadzi ija imaposa pamenepo."

Ndinakwiya, ndinagona choyang'ana kukhoma, koma m'mawa ndinapita ku positi. Makinawo anabwera pawilibala, atafundidwa chitenje ngati mkwatibwi. Anayamba ndi zovala za m'nyumba muno. Yunifolomu ankaisoka yaikulu dala, n'kupinda mpendero waukulu woti azimasula chaka ndi chaka, ndipo ikachoka kwa wamkulu inkatsikira kwa wamng'ono mpaka nsalu itanena yokha kuti basi. Mwana wathu wachiwiri mpaka lero amati anayamba Sitandade 1 atavala kabudula wofika m'akakolo. Kolala ya malaya anga ikaperepeseka ankaimatula n'kuitembenuza, malaya n'kukhalanso atsopano, ndipo ku ofesi palibe anadziwa. Thalauza lotha linkasanduka kabudula, kabudula n'kusanduka zigamba, zigamba n'kusanduka chokolopera, koma batani ndi zipi zinkalowa m'chitini. Posakhalitsa anansi anayamba kubweretsa zawo. Sukulu zikamatsegulira, makinawo ankalira mpaka pakati pausiku, nyali ili pambali, ine ndikudzinamiza kuti ndagona.

Wina angaganize kuti ndikunena za mayi woumira. Ayi ndithu. Nyumba ino inali siteshoni ya mudzi wathu wonse. Wodwala wobwera ku chipatala cha Gulupu ankafikira kuno pamodzi ndi womudikirira, mnyamata wofuna ntchito ankagona pabalaza miyezi itatu, ndipo wina ankangobwera kudzaona tauni. Tsiku lina ndinang'ung'udza kukhitchini kuti alendowa atimaliza. AnaPhiri sanasiye ndi kutakasa komwe.

"Bambo, ndimaumitsa sopo kuti mlendo akabwera ndisaumitse nkhope."

Apongozi anga, mayi awo, anaiona njala ya 1949 imene inasautsa kwambiri dera lino la Blantyre, ndipo mpaka imfa yawo akaona njere ya chimanga pansi ankawerama n'kuitola. Mwana wawo anatengera kuwerama komweko, ndipo anatengeranso lamulo loti wanjala sabwezedwa pakhomo. Zinkabwerera ndithu. Odwala aja akachira ankatumiza nandolo, nkhuku, mtolo wa nzimbe. Pamzere wathu mchere, moto, sefa ndi mtondo zinkayenda khomo ndi khomo, moti mtondo wina sitinkadziwanso kuti mwini wake ndani. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo anaPhiri ankaika m'makomo ambiri.

Bowo la m'thumba la banja lino ndinali ine. Chaka china ndinakopeka ndi wailesi ya Nzeru, poti ndinatopa n'kukamvera mpira ndi sewero la Kapalepale pawindo la anansi. Kukatapa ku positi ndinachita manyazi ndi buku langa, kupempha anaPhiri ndinaopa mafunso, ndiye ndinakatenga katapila kwa mkulu wina wa kuntchito. Wailesi inalira bwino mwezi umodzi. Mwezi wachiwiri envulopu inafika kunyumba yotsegula ndiponso yopepuka, chifukwa mwini ndalama ankadikira pageti, ndipo chiwongoladzanja chake chinali theka la ngongoleyo mwezi uliwonse. Ndinaulula. Sanayankhe kanthu. Anatsitsa chitini, anawerenga, anandipatsa, nati ndikabweze tsiku lomwelo. Sabata yonseyo tinadya therere m'nyumba muli chete. Wailesiyo inadzakhala yawo. Mabatire ankawayanika padzuwa kuti atsitsimuke, ndipo inkatsegulidwa pa nkhani, pa Zokonda Amayi ndi pa mauthenga a maliro basi. Mpira ndinkakamverabe pawindo la anansi.

Mayeso enieni anabwera m'zaka za m'ma 1990. Chilala cha 1992 chinapsereza munda wa ku Chiradzulu, tinadya nsima yachikasu ya chimanga chochokera kunja. Mu Febuluwale 1994 boma linaisiya kwacha kuti izidzipezera yokha mtengo pamsika, ndipo chaka chisanathe dola imodzi, imene inali pa K4 ndi matambala, inafika pa K15. Mu 1995 mitengo ya zinthu inakwera ndi maperesenti oposa 80. Nthawi yomweyo kuntchito kwathu anachepetsa anthu, ndipo dzina langa linali pamndandanda.

Poyamba sindinade nkhawa kwambiri, poti ndinali ndi buku. Zaka zoposa makumi awiri ndikudinditsa! Maloto anga anali nyumba ya njerwa zootcha ndi malata kumudzi, ndipo kale ndinali nditawerengera kuti zikwana. Ndinatapa zonse, ndinalowa m'sitolo ya zipangizo zomangira ku Limbe, ndinafunsa mitengo, ndinatuluka. Ndinalowa ina, ndinatulukanso. Ndalama zimene ndinkazitcha nyumba zinali malata owerengeka ndi misomali yake. Buku silinandibere ngakhale tambala imodzi. Manambala onse anali momwemo, pamodzi ndi chiwongoladzanja chake. Kungoti kwachayo inafumbwa ili m'buku momwemo, ngati chimanga m'nkhokwe yomata bwino. Ndinakakhala pafupi ndi siteshoni ya sitima mpaka dzuwa kulowa, kuopa kufika kunyumba.

Nditafika ndinapeza makina akulira. Ndinafotokoza zonse ndili chiimire, ndikudikira mawu aja amene mkazi aliyense akanakhala ndi ufulu wowanena. AnaPhiri anachotsa mapini pakamwa.

"Mwadya?"

"Ayi."

"Nsima ili m'bakuli. Mukatha mudzandigwirire nsaluyi, ikundivuta kudula ndekha."

Kuyambira tsiku limenelo kalaliki wa JC anakhala wothandizira telala. Ndinaphunzira kusokerera mabatani, kusita mayunifolomu, ndi kukatula zovala kwa eni ake popanda kuchita manyazi potchula mtengo. Kaunjika atadzaza msika wa Limbe, osoketsa zatsopano anachepa, koma iwo anangotembenukira ku kaunjika yemweyo: kuchepetsa majekete a azungu, kudula mathalauza, kusintha zipi. Makinawo, nkhuku, ndi mapeyala amene ana ankagulitsa m'mbali mwa msewu ndi zimene zinamalizitsa sukulu ana athu awiri omaliza. Mwayi wogula nyumba ino utapezeka, ndalama yoyambira inachokera ku chipereganyu chomwe chija.

Bukuli sindikulinyoza. Ndi lomwe linalipira fizi mwana wathu woyamba atasankhidwa kupita ku sekondale, ndiponso ndi lomwe linagula bokosi bambo anga atamwalira mwadzidzidzi. Banja limafunika ndalama ina yokhala pamalo poti dzanja silifikapo msanga, makamaka dzanja ngati langa. Kulakwa kwanga kunali kuganiza kuti ndalama ikagona zaka makumi awiri idzadzuka ili chimodzimodzi. AnaPhiri, amene sanawerengepo tsamba la zachuma m'nyuzipepala, ankaiona ndalama ngati tomato, ndiye ikachulukirapo ankafulumira kuisandutsa chinthu chosaola.

Anzanga okalamba amakonda kunena kuti ana a lero ndi owononga, ndalama zawo zimathera m'mabandulo a foni. Mwina. Ine ndimawamvera chisoni kuposa kuwadzudzula. Kwacha inagwetsedwa mu Meyi 2012, inagwetsedwanso ndi maperesenti 25 mu Meyi 2022, kenako ndi 44 mu Novembala 2023. K5,000 imene inatuluka mu 2022 ngati ndalama yaikulu, lero mwana amapita nayo kuokala n'kubwera ndi kajumbo kopepuka. Munthu wopeza za tsiku ndi tsiku sangagule sopo wa mwezi wamawa kuti ayambe wauma. Amagula mafuta a m'kapulasitiki, shuga wa pasupuni ndi kaufa ka mphika umodzi, ndipo mwezi ukamatha walipira zambiri kuposa wolemera amene amakagula zathumba ku Chichiri. Ifeyo tinali ndi zotichinjiriza: mitengo ya zinthu zambiri inkaikidwa ndi boma, lendi inali yotsika, munda unalipo. Zina za nthawi imeneyo sindizilakalaka ayi, monga kuyang'ana kumbuyo usanalankhule, ndi khadi la chipani limene unkayenera kugula kuti ulowe mumsika, ngakhale mfundo ya ndiwo itatha.

Komabe anaPhiri ndimawaona m'manja mwa mwana wanga wamkazi, mayi a mtsikanayu. Ali mu banki m'khonde ya amayi a kutchalitchi, amagawana mu Disembala, ndipo chaka chatha anzake akugula masofa iye anagula firiji yogulitsira mafirizesi. Mayunitsi a magetsi amawawerenga mmene mayi ake ankawerengera makala, ndipo ukasiya babu likuyaka m'chipinda mopanda munthu umva dzina lako lonse. Ndalama zake zimakhala m'foni, pa Mpamba ndi pa Airtel Money, koma tsiku lina ndinamuona atakhala pabedi ndi kapepala, akugawa ya ndiwo panayi.

Titatha kuona tindalama tija, mdzukulu wanga anafuna kubwezera zinthu m'chitini, ndipo anaona kuti pansi pake pakanirira kanthu kokulungidwa m'nyuzipepala yofiirira, kolimba ngati mwala. Anakatokosa ndi mpeni, nati akakataye. Nditafunyulula ndinapeza chidutswa cha sopo, chouma mpaka kung'aluka m'mbali, mzere wa ulusi ukuonekabe pamene unadutsa.

"Agogo, ameneyu angagwirenso ntchito?"

"Kamuyese pabulangetelo."

Anamuponya m'beseni la madzi ofunda, ndipo kwa nthawi ndithu sopoyo anangokhala pansi ngati akuganiza. Kenako thovu linayamba. Bulangetelo lili pachingwe, pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo chiperoni chikalola liuma mawa. Kachidutswa kamene katsala, mtsikanayo wakaika pamwamba pa kabati.